Kamushafiti ya roller pa Chevrolet 350: ndaiyendera miyezi 9 tsopano

Galimoto yanga ndi Land Cruiser yakale ya pikapu, imene mwini wake woyamba anaikamo injini ya Chevrolet 350. Ndimanyamulira mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma, ndipo mvula ikayandikira ndimatutira feteleza cha ku Santhe. Ndemanga iyi ndi ya seti ya kamushafiti ya roller imene ndinaitanitsa ku Johannesburg (kamushafiti ndi chitsulo cha mfundomfundo chimene chimazungulira mu injini n'kumatsegula mavavu).

Sindinayambe ndi roller ayi. Pa ovaholo yoyamba ndinagula ya mtundu wakale, ya flat tappet, chifukwa chotsika mtengo, ndipo sinathe ndi milungu itatu yomwe. Injini inayamba kulira kuti tyetyetye, kenako kumaphulika mu kabureta. Titatsegula, mfundo ziwiri za kamushafiti zinali zitaperesekeratu, sampu ili nyezinyezi ndi utuchi wa chitsulo. Mlandu unali wanga ndi makaniko wanga. Flat tappet imakhuza chitsulo pa chitsulo, choncho ikakhala yatsopano imafuna kuilizitsa pa 2000 mpaka 2500 rpm kwa mphindi 20 kapena 30 osaisiya pa idle (kulira pang'onopang'ono), komanso imafuna oyilo wokhala ndi zinki wambiri, uja amati ZDDP. Ife tinailiza, n'kuisiya ikulira pang'onopang'ono kwinaku tikusaka pamene madzi amadontha. Oyilo tinathira wa magalimoto amakono a petulo, amene zinkiyo anamuchepetsa pofuna kuteteza catalytic converter, chipangizo cha mu ekizozi chochepetsa utsi woipa. Pa botolo palibe amene anawerenga.

Ya roller ili ndi kagudumu kunsi kwa lifita iliyonse (kachitsulo kokhala pa mfundo ya kamushafiti, kokankha pushirodi kuti vavu itseguke), ndiye imagubuduzika m'malo mokhuza. Mwambo wonse uja wa mphindi 30 palibe, ndipo oyilo wabwino aliyense wa pa filing'i pa boma pano amakwanira. Kwa ine phindu lake lenileni ndi limenelo. Mphamvu inaonjezekera pang'ono, imamveka pa mtunda galimoto italemedwa, koma asakunamizeni kuti isanduka ndege. Petulo ikumwa monga kale.

Chondikwiyitsa ndi ichi. Wogulitsa anati seti ndi yokwana, koma m'bokosi munali kamushafiti ndi malifita 16 basi. Buloko yanga ndi ya kale, isanafike 1987 pamene Chevrolet anayamba kuika roller m'magalimoto ake ang'onoang'ono, choncho malifita ake ndi omangana awiriawiri ndi kachitsulo kuti asatembenuke, ndipo ndi aatali. Mapushirodi akale anakhala otalika, panafunika aafupi. Panafunikanso kabatani kutsogolo koletsa kamushafiti kusuntha, masipuling'i a mavavu olimbirapo, ndi giya ya distributa yogwirizana ndi chitsulo chake. Zonsezi ku Lilongwe ndinazisowa. Galimoto inakhala pa matabwa milungu isanu ndikudikira katundu, nkhuku mpaka zinayamba kuikira pansi pake, anzanga akugulitsa fodya ine ndikuchita hayala lole ya munthu.

Ndalama zonse pamodzi zinapitirira katatu pa mtengo wa flat tappet. Makaniko wanga mpaka lero amati: "Bwana, mukanangogula flat tappet ina ndi oyilo woyenera, zotsalazo mukanagulira matayala." Pa injini yongoyenda pa Sabata ndikanawamvera. Koma buloko imeneyi inatsukidwa kale kawiri, ndipo sindikanapirira kachitatu.

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Sabata yatha ndinadula fyuluta ya oyilo n'kuiyang'ana padzuwa, mulibe ndi kachitsulo komwe.