Timbedza ta maginito pa ulendo wa sitima ya panyanja

Pa zonse zomwe ndinalongedza pokakwera sitima yaikulu yoyendetsa alendo panyanja, timbedza ta maginito ndi tomwe tinandipindulira kwambiri. Makoma ndi denga la zipinda za m'sitima zambiri zotere ndi zachitsulo, ngakhale zimaoneka ngati matabwa, ndiye kambedza kamangomata popanda msomali kapena guluu.

Chipinda changa chinali chamkati, chopanda zenera, chothina ndithu. Pa timbedzato ndinakolowekapo chipewa, jekete ndi zovala zosambira zonyowa, pampando n'kupezeka malo okhala. Pepala la ndondomeko ya tsiku ndinkalipanikiza pafupi ndi chitseko kuti ndiziona nthawi yobwerera tikaima padoko, chifukwa amene wapita kokayenda payekha akachedwa, sitima imamusiya.

Chomwe sichinandisangalatse n'chakuti kulemera komwe amalemba papaketi kuti kambedza kanganyamule kumatheka kambedzako kakakhala kudenga basi. Pakhoma, chikwama changa chinkatsetsereka pang'onopang'ono mpaka pansi. M'bafa namo timbedzato sitinamate. Choncho gulani tamphamvu, osati totchipa tija. Khadi lotsegulira chitseko, lomwenso mumagulira zinthu m'sitimamo, musaliyandikize ku maginito ngati lili ndi mzere wakuda kumbuyo, lingasiye kugwira ntchito.