Ndemanga: miyezi itatu ya kalasi ya Chimandarini pa foni

Ndimapikula nsapato ndi zikwama ku Guangzhou, mzinda wa ku China, ndipo mayi amene amanditumizira katundu takhala tikulemberana pa WeChat kwa zaka zinayi, foni ikutimasulira. Chaka chilichonse mafakitale akamatsekera Chaka Chatsopano chawo, iwo amandilembera mafuno abwino, ine n'kungoyankha kuti zikomo. Zinkandiwawa. Munthu amene amakuthandiza kudyetsa ana sumuyankha choncho pa tsiku lake lalikulu.

Ndiye mu Novembala 2024 ndinalipira kalasi ya pa foni ya Chimandarini, chilankhulo chachikulu cha ku China, kawiri pa sabata, ophunzira asanu. Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5.

Chimene ndinawakondera aphunzitsi n'choti sanathamangire zilembo, anayamba ndi khutu. Chimandarini chili ndi makwezedwe anayi a mawu, moti liwu limodzi loti ma likhoza kutanthauza mayi, chomera, hatchi kapena kukalipa. Kwa ife a bizinesi choopsa ndi liwu loti mai: mawu akatsika n'kukweranso ndiye kugula, akangogwa ndiye kugulitsa. Anzanga ena zinkawasokoneza kwambiri. Ine ndinakumbukira kuti kwathunso mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa ndi kamvekedwe basi, ndipo nditawauza aphunzitsi anasangalala, n'kuyamba kundiwongolera pogwiritsa ntchito chitsanzo chomwecho. Usiku ndinkajambula mawu anga n'kutumiza, m'mawa ndinkapeza atayankha kale.

Tinaphunzira mitundu itatu ya moni wa Chaka Chatsopano. Xinnian kuaile ndi kufunirana chaka chachimwemwe. Gongxi facai ndi kufunira munthu chuma, woyenera kwa mnzako wa malonda. Umene unandigwira mtima ndi niannian you yu, kutanthauza kuti chaka ndi chaka muzikhala ndi zotsala. Yu amamveka chimodzimodzi ndi mawu akuti nsomba, n'chifukwa chake patebulo la usiku wolowera chaka sipasowa nsomba, ndipo ambiri saimaliza dala. Ndinaganiza za agogo anga, amene sankalola nkhokwe kuuma mpaka pansi. Anatichenjezanso za nambala 4, yomveka ngati imfa, kuti isapezeke pa ndalama za mu envulopu yofiira yopatsana pa Chaka Chatsopano, imene amati hongbao.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Mwezi womaliza zilembo anatikhuthulira zambiri nthawi imodzi, ndipo netiweki ikaduka phunziro silinkabwerezedwa. Chachikulu, palibe anatiuza kuti eni Guangzhou ambiri kunyumba amalankhula Chikantoni, chosiyana ndi Chimandarini, pomwe kalembera wawo anandifunsa poyamba pomwe kumene ndimagula katundu.

Pa 29 Januwale 2025, tsiku loyamba la chaka cha njoka, ndinawatumizira mayi aja mawu anga, mtima ukugunda. Anayankha ndi mawu awonso, akuseka mokondwa, anabwereza moni wanga pang'onopang'ono, kenako anati kwawo m'Chikantoni gongxi facai amati gung hei faat choi. Ameneyo ndinamuphunzira kwa iwo tsiku lomwelo, ndipo ndalembetsanso gawo lachiwiri la kalasi kuti ndikadzapita ndidzathe kunenerera mtengo ndi pakamwa panga.