Nazale ya ma dahlia ku Zomba: mbewu zabwino, koma malebo ndiye ayi

Amene mumandifunsa komwe ndinapeza maluwa a dahlia aja, ndinagula pa kanazale kena ku Zomba, mayi ake amadzala okha kuseri kwa nyumba. Chomwe ndawakondera ndi choti samakunamiza kuti katundu ayende basi. Ine ndimafuna njere poti ndi zotchipa, iwo akuti ayi achemwali, njere sizingakupatseni duwa lomwe mwaliona apalo, dahlia ali ndi magulu 8 a ma chromosome (tinthu tam'kati tonyamula chibadwa) pamene zomera zambiri ndi awiri okha, ndiye njere iliyonse imatuluka ndi zake zake, mwina mtundu wina mwinanso kaduwa kosaoneka bwino komwe.

Mitundu yatsopano imapezeka choncho kumene. Obereketsa amatenga mungu wa duwa lina kuika pa linzake, kapena kungosiyira njuchi, kenako kufesa njere zambirimbiri ndi kusankhapo zochepa zokongola, zotsalazo kuzula. Yosankhidwayo amaiyesa zaka zingapo kaye isanapatsidwe dzina. Dahlia wotchedwa Bishop of Llandaff, wofiira wa masamba akuda, anatuluka ku Cardiff ku Wales m'zaka za m'ma 1920 ndipo mpaka lero anthu akumugawana, osati ndi njere ayi.

Ndiye mayiwa amagulitsa mizu ya ma dahlia, yotupa ngati mbatata. Apa ndi pomwe ndinaona kuti ntchito amaidziwa: akamagawa chitsa ndi mpeni amaonetsetsa kuti chidutswa chilichonse chili ndi diso, kadiso kakang'ono kamene kamakhala kukhosi pafupi ndi tsinde lakale, ndipo anandilozera ndi chala. Popanda diso ngakhale muzu utakula bwanji sumera. Alinso ndi mphukira zodula zomwe amazika m'machubu a mchenga pamthunzi, izo ndi zotsikirako mtengo.

Kwawo kwa maluwawa ndi kumapiri a ku Mexico, nde nyengo yozizirira ya ku Zomba imawayanja, koma madzi odikha amadana nawo, mizu imaola msanga. Anga ndinadzala pamzere wokwera ndi manyowa owolerana, onse anamera.

Vuto ndi malebo. Amalemba ndi bolopeni pa kapepala, mvula kungogwa basi zafufutika, moti zomwe ndinagula ngati zoyera zina zinamasula zapinki. Ndikapitanso, koma nthawi yomwe akumasula kuti ndikasankhe ndi maso, ndipo cholembera chosafufutika ndikanyamula changa.