HardInfo, inxi kapena lshw: iti yoyenera laputopu yakale?

Mukachotsa Windows pa laputopu yotopa n'kuikamo mtundu wopepuka wa Linux, monga antiX, Lubuntu kapena Puppy Linux, makina amayamba kuthamanga ndithu, koma posakhalitsa pamabwera mafunso. RAM ilimo yochuluka bwanji, ndipo ndi ya mtundu wa DDR2 kapena DDR3? Wi-Fi ikukana chifukwa chiyani? Batire latsala ndi moyo wotani? Mayankho ake ali m'kati mwa makinawo, ndipo pali mapulogalamu atatu amene ambiri timadalira kuti atiuze osamasula sikuluwu ngakhale imodzi. Onse ndawagwiritsapo ntchito pa malaputopu a kaunjika, ndipo sali ofanana ayi.

HardInfo ndi imene imakopa maso. Ili ndi zenera, kumanzere kuli mndandanda wa zigawo monga Processor, Memory, PCI Devices, USB Devices, Battery ndi Sensors, mukadina chimodzi zonse zimaoneka kumanja. Munthu amene anazolowera Device Manager ya Windows sasochera. Pa mitundu ya Linux yochokera ku Debian kapena Ubuntu, monga antiX ndi Lubuntu, mumatsegula terminal, zenera lolembamo malamulo, n'kulemba sudo apt install hardinfo, ndipo pa yatsopano mudzaipeza ndi dzina la hardinfo2. Kusiyana kwa mainawa kuli ndi chifukwa. HardInfo yoyambirira, ya Leandro Pereira, inaima pa 0.5.1 mu 2009 kwa zaka zambiri, kenako ena anainyamula n'kuipitiriza ngati hardinfo2. Pa laputopu yakale ya purosesa ya Core 2 Duo, HardInfo yoyambirirayo imagwirabe bwino, koma pa makina a zaka zaposachedwa funani yatsopanoyo. Ilinso ndi mayeso a liwiro, monga CPU Blowfish, Fibonacci ndi N-Queens, komanso batani la Generate Report lotulutsa lipoti la HTML. Vuto lake ndi loti siibwera yokha. Inamangidwa pa GTK, zida zopangira mazenera a mapulogalamu, choncho pa Lubuntu, yomwe imadalira zida zina zotchedwa Qt, ikhoza kukoka mapaketi ena owonjezera. Amene mukugwiritsa ntchito bandulo ya foni, werengani kaye kukula kumene apt ikulemba musanayankhe Y.

Ogwiritsa ntchito Puppy yang'anani kaye pa menyu ya System musanayambe kufunafuna fayilo ya .pet yoikira pulogalamuyi, chifukwa ma Puppy ambiri amabwera kale ndi HardInfo kapena Pup-SysInfo.

Ine mtima wanga uli pa inxi, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Ilibe zenera, ndi fayilo imodzi yolembedwa m'chinenero cha mapulogalamu chotchedwa Perl, ya Harald Hope, ndipo antiX, MX Linux ndi Linux Mint amabwera nayo kale. Pa ena ochokera ku Debian kapena Ubuntu ndi sudo apt install inxi. Mukatsegula terminal n'kulemba inxi -Fxz, makina onse amakwana pafupifupi pa sikirini imodzi: mtundu wa laputopu, BIOS, purosesa, khadi la zithunzi ndi driver wake (pulogalamu yoyendetsa chipangizocho), mawu, netiweki, hard disk, kutentha. Kachilembo ka z ako musakaiwale. Kamabisa nambala za serial, MAC ndi IP, kotero mukhoza kutumiza zotsatirazo pa gulu la WhatsApp kukapempha thandizo osaulula za makina anu.

Pamene inandigwira mtima ndi tsiku lina ku Limbe, ndikuthandiza mlamu wanga kusankha laputopu. Wogulitsa ankalumbira kuti batire ndi lanyuwani, limatha maola anayi. Ndinapempha kulowetsa fulashi yanga ya antiX, makina anayaka kuchokera pa fulashipo osakhudza zomwe zinali pa disk, ndipo ndinalemba inxi -B. Pa mzere wa condition panatuluka manambala awiri, mphamvu imene batire likusunga lero ndi imene linkasunga likuchoka kufakitale, ndipo yalero sinafike ndi theka lomwe. Ndinangotembenuzira sikirini kwa iwo. “Achimwene, taonani apa.” Anayang'ana, anakanda mutu, mtengo unatsika. Kuno kwathu, kumene magetsi amatha kuzima uli pakati pa ntchito, mzere umodzi umenewu ndi waukulu kuposa mayeso onse a liwiro.

Palinso vuto lomwe ambiri limawapeza atangomaliza kuika Linux: Wi-Fi sikugwira, ndiye pulogalamu yofufuzira vutolo muitenga bwanji popanda intaneti? Apa m'pamene kuchepa kwa inxi kumapindula. Fayilo imodziyo mumaikopera pa fulashi kuchokera pa kompyuta ina, n'kuiyendetsa ndi perl inxi -Fxz, bola Perl ikhalepo. HardInfo simungaichite zimenezo mosavuta, chifukwa imafuna mapaketi owonjezera aja. Njira ina ndi kulumikiza foni ndi chingwe cha USB n'kutsegula tethering, njira yogawira intaneti ya foni ku laputopu, yomwe kawirikawiri imagwira popanda kuika chilichonse.

Chofooka cha inxi n'choti payokha sidziwa zambiri, imafunsa mapulogalamu ena monga lspci, dmidecode ndi sensors. Pa makina opepuka kwambiri, kumene zina mwa izi zinachotsedwa, mizere ina imatuluka yopanda kanthu. Lembani inxi --recommends kuti ikuuzeni zosowa. Za RAM, sudo inxi -m imaonetsa malo olowetsa memory, odzaza ndi opanda kanthu, komanso mtundu wake. Onani zimenezi musanakwere minibasi kukagula RAM, chifukwa DDR3 siilowa pamalo a DDR2 ngakhale muikakamize.

Nanga lshw? Iyi ndi ya tsiku la mavuto. Analemba ndi Lyonel Vincent, ndipo imayala makina onse ngati mtengo ndi nthambi zake, masamba ambirimbiri oti simungawawerenge mutaima pa shopu. Imafuna sudo, liwu lopatsa lamulo mphamvu za mwini makina, apo ayi imakuchenjezani kuti zotsatira n'zosakwanira. Musaiyendetse yonse. Lembani sudo lshw -short kuti muone mwachidule, kapena sudo lshw -C network ngati nkhani ndi ya Wi-Fi. Mukaona mawu akuti UNCLAIMED pambali pa chipangizo, dziwani kuti makina akuchiona koma palibe driver amene wachitenga. Mukaona DISABLED, driver alipo koma chipangizocho n'chozimitsidwa, mwina ndi kabatani ka pambali pa laputopu. Kusiyanitsa ziwirizi kwandipulumutsa kangapo ndi makadi a Wi-Fi a Broadcom, amene amavuta pa malaputopu ambiri akale a HP ndi Dell.

CPU-X ingotchulidwa mwachidule: imafanana ndi CPU-Z ya pa Windows, imapezekanso ngati AppImage, fayilo imodzi yongoyendetsa osaika, ndipo ndi yabwino pa purosesa ndi motherboard, koma za Wi-Fi sizikuikhudza.

Amene mukukonzera agogo kapena ana asukulu laputopu, oti sadzatsegula terminal, aikireni HardInfo kuti akamakuimbirani foni azitha kukuwerengerani zomwe akuona. Pa fulashi imene ndimayenda nayo m'thumba pali antiX ndi inxi yake, ndipo lshw ndimaitsegula pokhapokha inxi ikandionetsa kuti pa Network mzere wa driver walembedwa N/A.