Oyilo wa giya EP 90 wandipulumutsira chikombole

Ndimakhoma ndowa, mbaula ndi zivindikiro za mapoto kuno ku Ndirande. Zivindikiro ndimaponda pa makina apamanja: lata limagona pa chikombole, chitsulo cha pamwamba n'kulikankhira m'kati mpaka litenge maonekedwe. Kwa zaka zambiri ndinkapaka oyilo wakuda wochotsa m'magalimoto, poti amakanika amangondipatsa ulele. Miyezi inayi yapitayo ndinagula lita imodzi ya oyilo wa giya wolembedwa EP 90 m'sitolo ina ya zida ku Limbe, ndipo ndati ndiuze amisiri anzanga zomwe ndaona.

Vuto langa linali pa mlomo wa chikombole, pamene lata limapindikira likamalowa. Malata a zinki akamakhulana ndi chitsulo pamenepo, zinki amasupuka n'kumamatira pa mlomopo ngati zipsera za nsima pansi pa poto. Ukapitiriza kuponda, timabampu timeneto timakanda chivindikiro chilichonse chotsatira, mizere yoyera kuchokera m'mphepete kulowa m'kati. Ndinkaima kawirikawiri kupala ndi sandipepa, ndipo kupala kulikonse kumadya chikombole. Mlomo womwe unali wosalala unafika poti chala chimakodwa.

Oyilo wakuda uja ndi wopyapyala, akangopanikizidwa amathawa, chitsulo n'kutsala chikudyana ndi lata. Komanso amabwera ndi mwaye ndi tizitsulo ta mu injini, ndiye umakhala ukupaka mchenga pa chida chako chomwe. Manja anganso ankang'aluka nawo. EP 90 ndi wolemera, amatsika pa burashi pang'onopang'ono ngati uchi. Muli mankhwala a salufa ndi fosifolasi omwe, malo akatentha ndi kupanikizana, amapanga kachikopa kopyapyala pa chitsulo kuti ziwirizo zisagwirane. Tsiku loyamba lomwe ndinamva kusiyana m'mapewa: chogwirira chinkatsika mosalimba, kaphokoso ka kukhulana kwa lata ndi chitsulo kanatha. Pano sandipepa ndimamugwira mwa apo ndi apo.

Koma kapakidwe kake n'kofunika kusamala. Poyamba ndinkathira paliponse, zivindikiro zina n'kutuluka ndi makwinya m'mbali, china chinang'ambika pakona ya pansi. Ndinazindikira mochedwa kuti oyilo amafunika pomwe lata likutsetsereka, kutanthauza m'mphepete mwa lata ndi pa mlomo wa chikombole. Pamphuno pa chitsulo chokankhira pazikhala pouma, chifukwa pamenepo lata liyenera kugwira, likaterereka limapyapyala n'kubooka. Kadontho pa kansanza n'kokwanira, n'chifukwa chake botolo lija silinathebe.

Zondidandaulitsa zilipo ziwiri. Fungo lake ndi la mazira owola, ndipo limakakamira m'zovala. Mayi a kunyumba amachapa ovolosi yanga payokha. Chachiwiri, sachoka msanga. Chivindikiro cha poto chimakhudza chakudya cha anthu, ndiye chilichonse ndimapukuta ndi palafini kenako n'kutsuka ndi madzi otentha a sopo, n'kuyanika chimodzichimodzi. Mukaunjika malata a zinki ali onyowa amachita dzimbiri loyera. Ndipo ngati pali pofunika kuwotcherera kapena kupaka penti, oyilo akatsalako pang'ono pokha ntchito siigwira.

Pa aluminiyamu sindimuyika. Aluminiyamu ndi wofewa, ndipo pa zivindikiro zosaya ndimangopaka sopo wamtanda, yemwe amachoka ndi madzi okha. Ogwira za mkuwa nawonso apewe, salufa amadetsa mkuwa.

Mtengo wake ndi wowawa ukayerekeza ndi oyilo waulere. Koma chikombole changa chinasulidwa pa makina a lefu, osema chitsulo chikuzungulira, ndi ndalama zambiri, ndipo sindikufuna kubwererako chaka chino. Botolo likatha ndikagulanso lina la EP 90 lomwelo.