Gold Monster 1000: koyilo iti ikuyenera dothi la ku Mazowe?

Gold Monster 1000 ya Minelab, makina ofufuzira golide pansi, ili ndi makoyilo awiri (koyilo ndi mbale ya kunsonga kwa ndodo imene imamva zitsulo m'dothi): yozungulira ya mainchesi 5, ndi ina yooneka ngati dzira, ya mainchesi 10 mulitali ndi 6 mulifupi. Makinawa amayendera 45 kHz, mafunde othamanga kwambiri, n'chifukwa chake amamva ngakhale tizidutswa ting'onoting'ono. Abale ena a ku Mbare, Epworth ndi Dzivarasekwa ku Harare akamapita kukasaka golide ku Mazowe kapena ku Shamva amamanga yaikuluyo, yaing'ono n'kuisiya kunyumba. Kumeneko n'kudzimana.

Dothi la ku Mazowe ndi Shamva ndi katondo wofiira, wokhala ndi chitsulo chambiri. Koyilo yaikulu imamva dothi lochuluka nthawi imodzi, choncho makina amalira pafupipafupi ndipo golide wochepa ngati njere ya mpunga amabisala m'phokosomo. Ya mainchesi 5 imamva kadera kochepa, phokoso limatsika, kanjere kaja n'kumveka. Imalowanso pakati pa miyala ndi mizu, pomwe yaikulu imayenda m'mwamba. Pamilu ya dothi lotayidwa ndi makorokoza (okumba golide pamanja), pomwe pali misomali ndi zitini, yaing'ono imasiyanitsa zinthu ziwiri zoyandikana, pamene yaikulu imazimva ngati chimodzi, chitsulo n'kuphimba golide.

Yaikuluyo ili ndi ntchito yake. Pamalo oyera, achilendo, imamaliza dera mwachangu, ndipo chidutswa chachikulu imachimva chili pansi kwambiri. Yambani ndi imeneyi. Mukangotola kanjere koyamba, ikani chizindikiro, mangani yaing'ono, mubwerezenso pamalopo pang'onopang'ono, mzere uliwonse uzilowa theka mu mzere wapitawo.

Musanakhulupirire za munthu, yesani nokha. Kwirirani kachidutswa ka mtovu pa masentimita 5 ndi kena pa 10 m'dothi lomwelo, mudutsepo ndi koyilo iliyonse. Mtovu umalira mofanana ndi golide. Kuyesera m'mwamba, pakhonde ku Highfield, kumanamiza chifukwa palibe katondo, komanso mawaya a magetsi amasokoneza makina.

Chodandaulitsa n'chakuti makoyilowa amalira akagunda mwala kapena chitsa, makamaka sensitivity (mphamvu ya kumva ya makina) ikakhala pamwamba. Itsitseni pang'ono kapena ikani pa Auto. Kulira kwina kwabodza kumachokera kwa mwini wake. Chingwe chikamalendewera chimamveka ngati chitsulo, ndiye chikulungeni molimba pandodo, n'kusiya mpata pang'ono pafupi ndi koyilo kuti chisaduke ikamapindika. Chivundikiro cha pansi pa koyilo chimasunga mchenga wakuda. Chichotseni muchitsuke madzulo aliwonse. Bawuti ya pulasitiki yomangira koyilo ikathyoka musaikepo yachitsulo, ndipo nsapato za chitsulo kutsogolo zisiyeni.

Amene mukufuna golide wa pansi kwambiri m'katondo, koyilo yaikulu ya makinawa sikufikitsani. Ntchito imeneyo ndi ya makina a mtundu wina, otchedwa pulse induction, monga GPX 5000, ndipo makoyilo a makina amenewo sagwira pa Gold Monster.

Musananyamuke, khalani ndi chiphaso chochokera ku unduna wa za migodi ndipo gwirizanani ndi mwini malo. Golide amagulitsidwa ku Fidelity Gold Refinery ku Msasa kapena kwa ogula okhala ndi chilolezo.