Ku Mua kuja n'kopita ndi ana asukulu, koma mphunzitsi apite atakonzeka

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu a History ndi Social Studies, ngati mukusaka malo oti ana akaone ndi maso zimene timangowalembera pa bolodi, ine ndikuti pitani ku Kungoni, malo osungirako chikhalidwe ndi luso a ku Mua Mission, m'boma la Dedza chakufupi ndi Mtakataka. Ndinapitako ndi ana a fomu 2 ndipo ambiri mwakhala mukufunsa ngati n'koyenera ndalama ija makolo amasonkha movutikira. Yankho langa ndi eya, n'koyenera kwambiri, bola mphunzitsi asapite ngati mlendo wongoperekeza ana.

Mishoni ya Mua inayambitsidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, pomwe Kungoni anaiyambitsa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher ochokera ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda woti a Chisale. Nyumba yosungiramo zakale ya pamalowa imatchedwa Chamare Museum ndipo musanalowe n'komwe phunziro layamba kale, chifukwa makoma akunja anajambulapo mbiri ya dziko lino, ndiye ine ndinawayimitsa ana pompo n'kuwauza kuti aliyense aloze chithunzi chimodzi chimene akuchizindikira kuchokera mu notsi zathu, mpaka mwana wina amene m'kalasi sakweza mkono olo pang'ono analoza anthu omangidwa magoli m'khosi n'kuyamba kufotokoza za malonda a ukapolo, anzake ali duu kumvetsera. Zimenezo zokha zinandikwanira.

M'kati muli zipinda zitatu ndipo zikukamba za Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa kwa mwana, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro. Koma pamene ana anakhalitsa ndi m'chipinda cha Gule Wamkulu. Pakati pali chimtengo chimene anapachikapo nkhope za zilombo mazanamazana, mitundumitundu, zina zofiira piriwiri, zina za nthenga, zina za masanza, ndiye polowa muja atsikana ena anabwerera m'mbuyo kugwirana manja, ndipo musawaseke ana akatero, ambiri anakula akuthawa gule m'njira. Amene amatiyendetsa anawalankhula mofatsa m'Chichewa chomveka bwino, osathamanga, n'kuyamba kumasulira chimodzichimodzi: Kasiyamaliro, Chadzunda, Maliya, Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa uja, aliyense ali ndi nyimbo yake komanso mwambo umene amaphunzitsa pamudzi, wina akudzudzula ulesi, wina kuledzera, wina chiwerewere, wina kudzikuza kwa obwera. Apa mpamene ndinaona phindu lenileni la malowa kwa ife aphunzitsi, chifukwa m'buku timangolemba mzere umodzi kuti Gule Wamkulu ndi gule wa Achewa wovinidwa pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu, mwana n'kuloweza, n'kulemba mayeso, basi zatha. Kumeneku mwana amamva kuti makolo athu anali ndi sukulu yawo ya makhalidwe, yokhala ndi maphunziro ake, ndipo akamva kuti UNESCO inauzindikira gule ameneyu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, pamodzi ndi Achewa a ku Zambia ndi Mozambique, amamvetsa chifukwa chake.

Ndinakondanso kuti nkhaniyi amaigwira mwaulemu. Ana ena pagulu lathu ndi ochokera m'mabanja a kudambwe, ena ndi a mipingo imene gule safuna n'kumva komwe, ena ndi Asilamu, koma palibe amene anatuluka atanyozedwa. Ngakhale zili choncho langizo langa ndi loti muwauziretu makolo ndi a komiti ya sukulu zimene ana akaone, mulembe m'kalata yopempha chilolezo ija momveka, musadikire kuti kholo limve kwa mwana madzulo kuti anakaona nyau. Komanso musanatulutse foni kuti mujambule m'kati, funsani kaye.

Mbali ya Angoni ndi Ayao tinadutsamo mwachangu chifukwa nthawi inatithera, koma zishango, mikondo ndi zovala za ngoma zilipo, za jando ndi nsondo ziliponso, komanso mmene Chisilamu chinalowera pakati pa Ayao. Amene mukuphunzitsa za kubwera kwa Angoni a Maseko yambirani kumeneku ana asanatope. Ndipo kumbukirani kuti dera limeneli lili pansi pa mfumu ya Chingoni, a Kachindamoto, ndipo Mankhamba, likulu la a Kalonga a ufumu wa Maravi, ili m'dera lomwelo la Mtakataka, ndiye uli m'basi momwemo utha kuwauza ana kuti yang'anani pawindo, mutu uja tinaphunzira temu yatha unachitikira pansi pano.

Kwa a Expressive Arts, kuli amisiri osema ziboliboli amene amagwira ntchito yawo poonekera. Anyamata anga anazungulira bambo wina amene amasema ndi sompho ndi tchizulo, mapalipali a mtengo ali mbwee pamiyendo, n'kumamufunsa kuti nkhope ya munthu amayambira pati, iye osayankha zambiri koma kungowasonyeza ndi chala pamene mphuno idzatulukire. Ana amene masamu amawavuta koma manja awo ndi aluso anaona kuti luso limeneli munthu amadya nalo.

Tsopano chimene chimandipweteka ndi ife eni ake. Tsiku lomwelo kunali gulu la sukulu ina, aphunzitsi ake anakhala pamthunzi panja ali pa WhatsApp, ana okhaokha m'kati akungothamangathamanga opanda kope, opanda cholembera, ndiye ulendo woterowo ndalama ya makolo yapita pachabe ndipo vuto si la malowo ayi. Ine ndinawagawa ana m'magulu tisananyamuke, gulu lililonse ndi mafunso ake ochepa, lina za chinamwali, lina za ufumu, lina lisankhe zilombo ziwiri n'kulemba mwambo wake, lina za amishoni, ndipo titabwerera gulu lililonse linaphunzitsa anzawo kutsogolo kwa kalasi. Zimene anafotokoza zinaposa notsi zanga.

Zina zoti mudziwe: lumikizanani nawo nthawi isanakwane, muwauze chiwerengero cha ana ndi kalasi yawo, mufunsiretu mtengo wa gulu la sukulu, ndipo ngati thumba likulola funsaninso za magule, chifukwa kuona nkhope itapachikidwa n'kosiyana ndi kuona gule ali m'bwalo ng'oma zikulira. Ngati ana ndi ochuluka alowe m'magulu ang'onoang'ono, apo ayi akumbuyo samva kanthu. Ochokera ku Salima kapena ku Balaka mumadzera msewu wa M5, ochokera kumtunda ku Dedza mumatsika Khwekhwerere kukafika ku Golomoti, ndiye pezani basi ya mabuleki abwino ndi dalaivala wodekha, osati yongotchipa. Tengani madzi ambiri chifukwa kumusi kuja kumatentha, makamaka Okutobala, ndipo ana asamapite okha kumtsinje wa Nadzipokwe.

Pempho langa kwa onse osunga malo ngati amenewa m'dziko muno ndi loti tikanakhala ndi timapepala tachidule ta m'Chichewa togwirizana ndi silabasi, toti mphunzitsi wa kumudzi atenge akagwiritse ntchito ndi ana amene analephera kusonkha ya basi, chifukwa m'kalasi mwanga otsalawo analipo ndipo zinandikhudza. Temu ikubwerayi tikukonza zopita ku Chongoni kukaona zojambula za pamiyala zija UNESCO inazilemba mu 2006, ndipo tayamba kale kusonkha pang'onopang'ono kuti ulendo uno asatsale mwana.